DZINA LA MONTFORT: KUMENE LINACOKERA NDI ZIMENE LINASIYA KUNO KU ZOMBA

Nkhani ya pa wailesi, yokambidwa ndi Mlangizi wa za Ulimi m'boma la Zomba

Lero sitikamba za mizere kapena za nkhokwe ai. Tikamba za dzina limodzi lacilendo limene ambiri a inu munaliona pa zikwangwani, pa mabuku a ana anu, kapena pa khomo la cipatala. Dzinalo ndi Montfort. Ku Limbe linachuka ndi nyumba yosindikiza mabuku ya Montfort Press. Ku Balaka kuli Montfort Media. Ku Nguludi kuli sukulu ya aphunzitsi yochedwa Montfort, ndipo ku Nchalo kuli cipatala ca dzina lomwelo. Kuno kwathu, ansembe a cipani ca Montfort ndiwo anayamba mishoni ya Nankhunda ndi sukulu ya sekondale imene tonse tiidziwa kuti Box 2.

Inu amene mumapemphera ku mzikiti, ku C.C.A.P. kapena ku mipingo ina, musatseke wailesi poganiza kuti nkhaniyi njaeni. Iyi ndi mbiri ya dziko lathu. Pa malo ali onse amene ndachulawa panali anthu a m'mudzi amene anaumba njerwa ndi kusenza mitengo. Cifukwa cace nkoyenera kuti tidziwe kumene dzinali linacokera.

TANTHAUZO LACE

Montfort ndi mau awiri a cinenero ca ku France. "Mont" ndiye kuti phiri, "fort" ndiye kuti colimba. Tsono dzina lonse litanthauza phiri lolimba, kapena phiri la linga. Kale ku France kunali nkhondo kawirikawiri, ndipo eni dziko ankamanga malinga a miyala pamwamba pa zitunda kuti anthu azithawiramo. Makolo athu anacitanso cimodzimodzi pamene ankakwera phiri la Zomba kapena kuolokera ku cisumbu ca Chisi pothawa nkhondo ya Angoni. Ndico cifukwa cace ku France kuli midzi yambiri yochedwa Montfort, ndipo munthu wocokera ku mudzi wotere ankachedwa "de Montfort", ndiko kuti "wa ku Phiri Lolimba". Inu a mfunda wa Phiri mukhoza kunena kuti amenewa ndi anzanu a dzina.

Pa anthu onse amene anachedwa dzinali, alipo awiri amene mbiri yao inafika kuno ku Zomba. Sanali pacibale ai. Anacokera m'midzi yosiyana, ndipo pakati pa wina ndi mnzace panapita zaka zoposa 400.

SIMON DE MONTFORT NDI NYUMBA YA MALAMULO

Woyamba ndi Simon de Montfort. Kwao kunali ku Montfort-l'Amaury, kufupi ndi Paris. Atate wace, amenenso anali Simon, anali mkulu wa nkhondo woopsa, ndipo anafa mu 1218 pozinga mzinda wa Toulouse atagendedwa ndi mwala wocokera m'linga. Mwanayo anaolokera ku England ali mnyamata kukalondola malo a makolo ace ku Leicester. Mu 1238 anakwatira Eleanor, mlongo wace wa Mfumu Henry III.

Pa cilamu pao sipanakhale mtendere. Mfumu Henry inali yomwaza cuma, yokondera abale ace acilendo, ndipo inkafuna msonkho wambiri. Mu 1258 nduna zazikuru za dziko zinaikakamiza kubvomera kuti izilamula pamodzi ndi bungwe la aphungu. Mfumu inabvomera, koma pambuyo pace inaphwanya panganolo. Nkhondo inabuka, ndipo mu 1264 Simon anagonjetsa mlamu waceyo pa malo ochedwa Lewes namgwira.

Tsono apa ndi pamene anacita cinthu cimene akumbukiridwa naco. Mu January 1265 anaitanitsa msonkhano wa dziko ku London. Misonkhano yotere inalipo kale, koma kawirikawiri inali ya nduna zazikuru ndi akuru a mpingo. Simon anaitana anthu awiri kucokera m'boma liri lonse, ndi awirinso kucokera m'mizinda yosankhidwa, kuti adzakambe nao nkhani za dziko. Iye sanakhalitse. Mu August caka comweco anaphedwa pa nkhondo ya ku Evesham ndi ankhondo a Edward, mwana wa mfumu. Koma Edward yemweyo atalowa ufumu anapitiriza kuitana nthumwi za m'maboma ndi za m'mizinda, pakuti anaona kuti msonkho utoleredwa bwino pamene opereka ace afunsidwa.

Tisammete m'mbali munthu ameneyu. Alimi wamba sanaitanidwe ku msonkhano wacewo. Ndiponso anazunza Ayuda: mu 1231 anawapitikitsa ku Leicester, ndipo pa nthawi ya nkhondo anthu ace anapha Ayuda ambiri ku London ndi m'mizinda ina. Komabe Angerezi amuwerengera pakati pa oyambitsa nyumba yao ya malamulo, ndipo mu 1992 sukulu ya ukacenjede ya ku Leicester inapatsidwa dzina loti De Montfort University.

Mwina mufunsa kuti zitikhudza bwanji ife. Angerezi atakhazikitsa likulu lao ku Zomba mu 1891, anadza ndi mwambo wa kwaowo. Mu 1907 kunakhazikitsidwa Bungwe la Malamulo la Nyasaland, lokomana muno m'tauni, m'tsinde mwa phiri. Kwa zaka zoposa 40 munalibe Mwafirika ndi mmodzi yemwe. Bwanamkubwa ndi Azungu anzace ndiwo ankapangana za msonkho wa nyumba ndi za malo athu. Aafirika oyamba analowamo mu 1949, ocita kuikidwa ndi Boma. Mu 1956 munalowa asanu osankhidwa, ndipo pakati pao panali Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume. Cisankho ca anthu ambiri cinacitika mu 1961, ufulu unadza pa 6 July 1964. Ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapitiriza kukomana ku Zomba mpaka pambuyo pa cisankho ca 1994. Tsono mfundo yakuti wopereka msonkho akhale ndi womlankhulira inatenga zaka pafupifupi 700 kuti ifike kwa mcikumbi wa kwa Chikowi kapena wa kwa Mwambo.

LOUIS-MARIE, WANSEMBE WOYENDA PANSI

Waciwiri ndiye mwini dzina limene liri pa zikwangwani zathu. Iye anabadwa pa 31 January 1673 m'mudzi wa Montfort-sur-Meu, m'cigawo ca Brittany, kumadzulo kwa France. Dzina la banja lao linali Grignion, ndipo atate wace anali munthu wa za malamulo. Ubwana wace anakhalira pa famu ya banja lao kufupi ndi mudziwo. Atakula anayamba kudzicha Montfort, pokumbukira mudzi umene anabatizidwirako. Motero dzina la mudzi linasanduka la munthu, monga zicitika kwathu kuno pamene mlendo timucha dzina la kumene acokera.

Anaphunzira ku Rennes, ndipo pambuyo pace anayenda pansi ulendo wautali kupita ku Paris kukaphunzira za unsembe. Anadzozedwa mu 1700. Nchito yace yoyamba yodziwika inali m'nyumba ya odwala ndi amphawi ku Poitiers, kumene ankadya cakudya comwe amphawiwo ankadya. Kumeneko mu 1703 mtsikana wina, Marie-Louise Trichet, anabvala cobvala ca usisitere, nakhala woyamba wa cipani ca amai cochedwa Daughters of Wisdom. Akuru ambiri a mpingo sanamkonde Montfort pakuti anali munthu wosabisa mau, ndipo anampitikitsa m'madera angapo. Mu 1706 anayenda pansi mpaka ku Rome. Papa Clement XI anamuuza kuti abwerere kwao akalalike kwa anthu a mtundu wace. Zaka khumi zotsala za moyo wace anathera m'midzi ya alimi, kuyenda mudzi ndi mudzi.

Pali nkhani imodzi imene inu acikumbi muimvetse. Mu 1709, pa malo ochedwa Pontchâteau, Montfort anapempha alimi kuti aunjike dothi ndi kumanga citunda cacikuru coti aimikepo mitanda. Anthu mazanamazana ankabwera ndi makasu ndi madengu, popanda malipiro ndiponso popanda wowakakamiza. Nchito inatenga nthawi yoposa caka. Itangotha mu 1710, anthu ena anakaneneza kwa Mfumu Louis XIV kuti citundaco cikhoza kusanduka linga la adani ocokera ku England. Lamulo linadza loti cigumulidwe, ndipo cinagumulidwadi. Taonani tsono: munthu wochedwa Phiri Lolimba anamanga phiri, mfumu niliopa. Adzukulu a alimi aja anacimanganso mu 1821.

Montfort anamwalira pa 28 April 1716 ku Saint-Laurent-sur-Sèvre, ali ndi zaka 43 zokha. Anasiya ansembe awiri okha ndi omthandiza owerengeka. Wopenya tsiku limenelo akananena kuti nchito yace yafera m'mazira. Koma cipanico cinakula pang'onopang'ono, ndipo mu 1947 Papa Pius XII anamlemba m'gulu la oyera.

M'MENE ANAFIKIRA KU NYASALAND

Akatolika oyamba kuyesa kukhazikika m'dziko muno m'zaka zimenezo anali a cipani ca White Fathers. Anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma anacoka mu 1891 osaphula kanthu. Episkopi Joseph Dupont, amene Ababemba anamucha Motomoto, anali ndi dera lalikuru koposa ndipo anchito anamcepera. Iye ndiye anapempha a Montfort kuti adzatenge cigawo ca kumwera.

Nthawi imeneyo ku France zinthu sizinali bwino pakati pa Boma ndi mpingo. Kuyambira mu 1880 Boma linkatseka nyumba za zipani za mpingo, ndipo mu 1901 linaika lamulo lina lozipanikiza. A Montfort anali atasamutsira kale sukulu zao zina ku Holland ndi ku Canada. Ici ndico cifukwa cace pakati pa ansembe amene makolo athu anawadziwa panali Afalansa ndi Adachi, ndipo Angerezi ndi Ataliyana anadza pambuyo.

Atatu oyamba anali Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen. Anakwera mtsinje wa Shire mu 1901, ndipo mu July caka comweco anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu. Amene anawalandira nawapatsa malo ndi Mfumu Njobvuyalema ya Angoni. Mukumbukire kuti panali patangopita zaka zisanu Angerezi ataphera Inkosi Gomani mu 1896, kotero kulandira Azungu m'mudzi sikunali kwapafupi. Mfumuyo ikanakana, mbiri yonseyi ikanayenda njira ina.

Mu 1903 anatsegula mishoni ya Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo caka comweco Rome inapatula dera la Shire niika Bambo Prézeau kukhala mtsogoleri wace. Asisitere a Daughters of Wisdom anatsatira posacedwa kudzayamba nchito ya odwala ndi ya maphunziro a atsikana. Prézeau anamwalira mu 1909, ndipo mu 1910 malo ace anatenga Louis Auneau, amene anakhala Episkopi zaka pafupifupi 40. Ndiye anayambitsa cipani ca asisitere a m'dziko momwe muno, cochedwa Servants of the Blessed Virgin Mary.

MABVUTO A MASIKU OYAMBA

Musaganize kuti zonse zinayenda mwa myaa. A Montfort anapeza mishoni ya Church of Scotland itazika kale mizu ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Domasi, kumene inayamba mu 1884. Anapezanso mafumu a Ayao ambiri atalandira Cisilamu. Cida ca mishoni iri yonse cinali sukulu ya m'mudzi, ndipo sukulu sinkamangidwa popanda cilolezo ca nyakwawa. Tsono mpikisano wonse unkathera pa bwalo la mfumu. Midzi ina inagawanika, ena kufuna mphunzitsi wa uku, ena wa uko. Panalinso mikangano yaikuru pa nkhani ya cinamwali ndi gule wamkuru, pakuti ansembe ankaletsa akhristu ao kupita ku dambwe, ndipo akuluakuru a mudzi ankaona kuti ana alikuwalanda.

Anthu amene analowa mpingowu mwaunyinji anali Alomwe, amene zaka zimenezo analikuoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Ambiri anakhala pa maesiteti, kumene ankalipira malo ndi nchito ya thangata. Kwa munthu wopanda malo ace, sukulu ya mishoni inali khomo lokhalo lotulukira.

Mu January 1915, John Chilembwe wa ku Mbombwe ataukira Boma cifukwa ca thangata ndi kutengedwa kwa anthu kupita ku nkhondo ya Azungu, nyumba za mishoni ya Nguludi zinatenthedwa ndipo wansembe mmodzi anabvulazidwa kwambiri. Mishoniyo inamangidwanso. Pa malo omwewo mu 2006 panatsegulidwa Catholic University of Malawi, ndipo sukulu ya Montfort inachuka ndi kuphunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva.

KUNO KU ZOMBA

M'boma lathu lino dzinali linakweradi phiri. A Montfort anamanga mishoni ya Nankhunda m'mbali mwa phiri la Zomba, m'dera la Mfumu Mlumbe, ndipo pamenepo anatsegula seminale ya anyamata ofuna unsembe. Ambiri amene anaphunzira kumeneko sanafike pa unsembe, koma anaturuka odziwa kulemba ndi kuwerengera, nakhala aphunzitsi, alembi ndi anchito a Boma.

Mu 1942 anatsegula Zomba Catholic Secondary School. Nthawi imeneyo m'dziko lonse munali sekondale imodzi yokha, ya ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1940. Ya Boma ya ku Dedza inadza mu 1951. Pambuyo pace Box 2 inaperekedwa m'manja mwa abulazala a cipani ca Marist.

Mu 1952 Zomba inapatulidwa kukhala dera la payokha la mpingo, ndipo mu 1959 inakhala dayosizi. Episkopi woyamba anali Lawrence Hardman, Mngerezi wa cipani ca Montfort. Mu 1970 mpando unapita kwa Mmalawi, Ambuye Matthias Chimole, ndipo mu 1981 kwa Ambuye Allan Chamgwera. Mu 2004 anadzozedwa Ambuye Thomas Msusa, mwana wa m'boma la Mangochi wobadwira m'banja la Cisilamu, amene iye mwini ndi wa cipani ca Montfort. Mu 2013 anasankhidwa kukhala Arkiepiskopi wa Blantyre. Motero dzina limene linadza ndi alendo atatu pa sitima linasanduka la ana a m'dziko muno.

CAKA CA 1992

Inu acikumbi mukumbukira 1992 cifukwa ca cilala cimene cinapsereza cimanga m'minda. Caka comweco, pa 8 March, m'machalichi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya Maepiskopi. Inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za malipiro ocepa a anchito, za mitengo yotsika imene mlimi ankagulitsira mbeu zace, za kucepa kwa sukulu ndi mankhwala, ndi za anthu otsekeredwa popanda mlandu. Masiku amenewo munali cipani cimodzi cokha ca ndale, ndipo mau otere ankanenedwa monong'ona. Makope 16,000 a kalatayo, m'Cingerezi, m'Cicewa ndi m'Citumbuka, anasindikizidwa mwakacetecete pa makina a ansembe a Montfort ku Balaka.

Boma la Dr. Kamuzu Banda linati kalatayo njoukira. Maepiskopi anaitanidwa ndi apolisi ku Blantyre, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa. Kuno ku Zomba ophunzira a ku Chancellor College anaturuka mu mseu kubvomereza kalatayo, sukulu nitsekedwa. Koma madzi akatayika saoleka. Pa 14 June 1993 anthu anafunsidwa, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu ali onse anasankha zipani zambiri. Pa 17 May 1994 kunacitika cisankho.

Apa ndi pamene njira ziwiri zija zinakomana. Simon anaitana nthumwi kuti mfumu isalamule yokha. Otsatira a Louis-Marie anasindikiza kalata imene inathandiza kuti nthumwi za m'Nyumba ya Malamulo zizisankhidwanso momasuka ndi eni mudzi. Anthu awiriwa sanadziwane, ndipo palibe mmodzi wa iwo anamvapo za Zomba.

MAU KWA MAFUMU

Potsiriza, inu eni mbumba ndi eni nthaka, tengani mfundo zitatu.

Coyamba, malo amene mupereka lero adzakhala ndi nkhani kwa adzukulu anu. Njobvuyalema anapereka malo mu 1901, ndipo dzina lace lichulidwabe. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo komweko kamatemanso. Popereka malo kwa mpingo, sukulu kapena kampani, yendani m'malire pamodzi ndi mboni, mulembetse pa pepala, ndipo mutsimikize kuti anthu anu atsala ndi polima.

Caciwiri, mutu umodzi susenza denga. Mfumu Henry inagwidwa ndi mlamu wace cifukwa inaphwanya pangano lofunsa anzace. Alimi a ku Pontchâteau anasenza dothi caka cathunthu cifukwa anapemphedwa, pamene makolo athu ankathawa thangata cifukwa anakakamizidwa. Mukafuna anthu pa nchito ya mlatho, ya cipatala kapena yodzala mitengo m'phiri, yambani mwawaitana pa bwalo.

Cacitatu, sungani maina. Azungu analemba caka cimene ansembe ao anafika, koma maina a nyakwawa zambiri zimene zinabvomera sukulu, ndi a aphunzitsi oyamba a m'midzi, ali m'mitu ya nkhalamba zokha. Itanani mwana wa sukulu akhale pansi ndi agogo ace, alembe kuti mudzi wanu unacokera kuti, dzina lace litanthauzanji, ndipo anayamba sukulu ya kwanuko ndani. Bukulo lizikhala kwa mfumu. Nkhalamba ikapita, palibenso wina womfunsa.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku nkhani za kumunda. Tsalani bwino nonse.